Chipinda cha Umboni, Kanyama

Ine ntchito yanga ndi kumangirira timapepala.
Kachingwe, nambala, deti, dzina la wovulala,
basi, pa shelefu.
Zaka khumi ndi zinayi m'chipinda chopanda zenera
momwe dzimbiri limanunkha ngati magazi
ndipo magazi akauma amasanduka dzimbiri.

Anthu amayesa muno mwadzaza mfuti.
Mfuti zilipo ziwiri, ina siliranso.
Zotsalazi munaziona kwanu:

theka la buloko
lomwe linagona miyezi itatu m'mbali mwa ngalande
kudikira kuti wina amalizire khoma la bafa,
koma linakumana ndi chipumi cha Konstebo Lufeyo Sakala
usiku umene madzi anameza Los Angeles Road.
Khosi la botolo la Mosi.
Sipanala ya kondakitala wa basi ya ku Chawama,
zala zake zinayi zikadali pa girisi.
Mwala wa sikelo wa ku Soweto,
makilo awiri,
m'mawa unkayeza kapenta, masana unayeza nsagwada.
Mbaula, phulusa likadali m'mabowo.

Wofufuza amafunsa: Unasankhiranji chimenechi?
Mnyamata amayang'ana dzanja lake
ngati galu wa eni amene wangomutsatira.
Sindinasankhe, bwana. Chinali pafupi.
Ndimamukhulupirira pang'ono.
Mkwiyo supita kusitolo,
umangowerama n'kutola.

Koma pali shelefu ya m'munsi,
yomwe sungaikepo kanthu osagwada.
Nambala 217, sikuludiraiva.
Mwini wake anakhala pakhonde ku Chibolya masiku atatu
akuikhutiza pa simenti, akuimba mluzu.
Anadya, anagona, anadzuka, ananolanso.
Nthawi yosintha maganizo anali nayo,
anaithera kunola.
Dzina pa kapepala: Sajeni Tisiyenji Mvula.

Ameneyu ankabwereka bolopeni yanga osabweza.
Ankagula zitumbuwa zitatu, kudya chimodzi,
ziwiri kukulunga m'nyuzipepala za mwana.
Anapita kukaleretsa ndewu ya lendi,
ya lendi chabe,
nati tiyi wanga musataye, ndibwera.
Tinakamuika ku Chingwere m'dzuwa la Okutobala,
kamtsikana kake ka giredi folo
katavala chipewa cha amake chofika m'mphuno,
kakuchitira sailuti anthu olakwika.
Kapu ija ndinaitsuka patapita mlungu.

Sindibisa, nafenso tili nazo zathu.
Mayi wina anandigwira malaya pageti:
Ndodo imene inathyola nthiti za mwana wanga
ili pa shelefu iti?
Ndinafufuza m'buku, tsamba ndi tsamba.
Ndinalibe nambala yoti ndimupatse.
Chilonda chikabwerekedwa usiku
chimabwezedwa kwa aliyense wovala khaki,
ngakhale amene tsikulo anali pa ofu.

Mlandu wa mbaula utatha
kunabwera mkazi wa womangidwa, khanda kumsana.
Ngati mwathana nayo, ndipatseni,
ndikuphikira pa ya aneba.
Ndinadula kachingwe, iye anasaina ndi chala,
anaisenza pamutu n'kulowa m'fumbi,
inakhalanso mbaula.

Ikakwana seventini ndimavula yunifolomu,
kuipinda m'chikwama pansi pa chitenje,
ndikwere basi ngati mayi wogulitsa salaula.
Koma maso sakomboka.
Pa Lumumba ndimaona miyala ya oswa miyala ili milumilu,
mapaipi, mabotolo m'makireti, jeke pansi pa lole,
mzinda wonse wayala zida zake padzuwa
ndipo zambiri zidzakalamba zosalakwa.

Kunyumba ndimapeza Chikondano akudula tomato.
Mwaswera bwanji, amama?
Ndimayankha bwino,
koma ndimaimabe pakhomo, chikwama m'manja,
mpaka mpeni atauika pansi.